Kwa adzukulu anga a ku Joni amene mukulemba masamu a zaumisiri chaka chino

Adzukulu anga, inu amene makolo anu anachoka ku Mangochi, ku Mzimba, ku Dedza kaya ku Chipata n'kukakulererani ku South Africa, ndipo chaka chino muli mu Giredi 12 m'masukulu a zaumisiri, senderani kuno ndikuuzeni mawu. Nkhani yanga ndi ya phunziro limene ena a inu mumalitchula motsitsa mawu, la Technical Mathematics. Ndamva kuti munthu akakufunsani masamu amene mukutenga mumayankha mutazyolika, poti anzanu a masamu enawo amakuuzani kuti anuwa ndi a ofooka mutu. Bodza limenelo musalilole kugona m'mitima yanu. M'masamu anuwa muli integration, muli ma complex number, zinthu zimene wa masamu enawo sakumana nazo pamayeso a matric.

Muyambe mwadziwa kumene mwachokera. Agogo anu aamuna ambiri analowa m'dzikolo kudzera ku Wenela, n'kukatsikira pansi pa nthaka m'migodi ya golide ya ku Witwatersrand. Ankagwira fosholo, kukankha ngolo za miyala, kubowola thanthwe kuyambira m'mawa mpaka thupi kufooka. Ena anabwerera kumudzi ndi njinga ndi chifuwa chosatha, ena sanabwerere n'komwe. Lamulo la Mines and Works Act la 1911, limene analikhwimitsa mu 1926, linasungira azungu ntchito zaluso. Munthu wakuda ankatha kuidziwa ntchito kuposa kapitawo wake, koma chiphaso chophulitsira miyala sankaloledwa kukhala nacho mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ndipo pamene ankakhazikitsa maphunziro a Bantu Education mu 1953, Hendrik Verwoerd sanabise maganizo ake akuti kuphunzitsa mwana wakuda masamu n'kutaya nthawi, poti sadzapatsidwa ntchito yowagwiritsira. Munthuyo ankadziwa chimene ankachita. Wopanda masamu amanyamula bokosi la zida, wina n'kumayeza, kuwerengera ndi kusaina pepala. Malipiro aakulu amapita kwa wosainayo. Tsono chimene agogo anu anamanidwa ndi lamulo, inu mwapatsidwa m'manja, ndipo mukuchita nacho manyazi?

Phunziro lanuli ndi laling'ono msinkhu. Linayamba mu 2016 ku Giredi 10, ndipo oyamba kulilemba pa matric analemba mu 2018. Analikonzera inuyo amene mukuphunzira zamagetsi, zamakina ndi zomangamanga, kuti liziyenda limodzi ndi Technical Sciences. Mapepala ake ndi awiri, lililonse malikisi 150, maola atatu. Ine lero ndikamba za pepala loyamba, momwe algebra imatenga malikisi pafupifupi 50, ma function ndi ma graph pafupifupi 35, zandalama pafupifupi 15, ndipo calculus pafupifupi 50.

Koma ndisakunamizeni kuti makomo onse ndi otsegula. Madigiri a uinjiniya m'mayunivesite ambiri amafuna masamu enawo, pamene makoleji a TVET ndi mayunivesite ena a zaumisiri amalandira anuwa pa maphunziro ena. Malo alionse ali ndi mfundo zake. Safunsa anadya phula, ana anga. Funsani lero, musanalipire ndalama yofunsira malo, kuti kumene mukufunako amalandira Technical Mathematics kapena ayi, ndipo amafuna malikisi angati. Musamangofuna 30 peresenti yongodutsira. Imeneyo imakutulutsani m'sukulu koma sikulowetsani kulikonse kolongosoka.

Tiyambe ndi algebra, poti m'mera mpoyamba. Ana ambiri amene amati calculus yawagwetsa, ukayang'ana pepala lawo umapeza kuti calculus anaichita bwino, chawagwetsa ndi kachizindikiro kochotsera kamene anakataya pochotsa mabulaketi, kapena kulephera kupeza ma factor. Equation ili ngati sikelo ya wogulitsa nyemba pamsika: chimene waika mbali ino uikenso mbali inayo, chimene wachotsa uku uchotsenso uko, apo ayi wabera wina. Mukagwira mfundo imeneyo, funso lokuuzani kuti musandutse fomula kuti chilembo china chikhale pachokha silidzakuopsaninso. Ndipo funso limenelo musalipeputse, chifukwa ndi ntchito ya mmisiri ya tsiku ndi tsiku. Buku limakupatsa V = IR, koma pantchito chimene ukufuna ndi R. Palibe amene adzakusandutsireni fomulayo muli pamwamba pa makwerero.

Pa quadratic equation, fomula yothetsera imaperekedwa papepala la mafomula limene mumalandira m'chipinda cha mayeso, koma pepalalo silikuuzani nthawi yoigwiritsa ntchito. Zolowerani kuyamba mwasamutsira zonse mbali imodzi kuti inayo itsale 0. Zolowerani kuyang'ana b² − 4ac musanathamange, chifukwa kachidutswa kameneko kamakuuziranitu ngati mayankho ndi awiri osiyana, ofanana, kapena si manambala enieni. Lembani sitepe iliyonse. Wochonga amapereka malikisi panjira yonse, osati pa yankho lokha, ndipo mwana amene walemba njira yake bwino n'kuphonya kumapeto amatola zambiri kuposa amene wangoponya nambala imodzi yochokera mu calculator.

Kenaka pali manambala aja amene amakuseketsani, akuti i kuchulukitsa ndi i yankho lake −1. Mumafunsa kuti chinthu chongoyerekeza chotere chidzakuthandizani chiyani. Funsani wamagetsi aliyense amene anakhoza mayeso a ntchito yake. Magetsi a m'nyumba za ku South Africa amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi, ndipo akadutsa m'mota kapena mu transformer, mphamvu yokankha ndi mayendedwe ake siziyenderanso limodzi. Powerengera zimenezi amisiri amagwiritsa ntchito manambala omwewa, kungoti iwo amalemba j m'malo mwa i. Akalemba 3 + 4j, amadziwa kuti kukula kwake ndi 5 ndipo ngodya yake ndi madigiri pafupifupi 53. Ndi zomwezo zimene mukuchita m'kalasi posandutsa nambala kuti ikhale mu polar form. Za binary sinditayapo nthawi: 1101 ndi 13, ndipo amene wachita mafunso khumi a mtundu umenewu sangatayenso malikisi ake.

Ma graph ndiwo amene ndikufuna muwaone ndi maso ena. Ambiri mumaloweza maonekedwe, kuti parabola imapindika chonchi, hyperbola ili ndi nthambi ziwiri, exponential imakwera mofulumira, theka la bwalo limathera apa ndi apa. Kuloweza si kolakwika, koma graph iliyonse ikunena nkhani. Tengani lamulo la Ohm, V = IR ija, pa magetsi a 230 V. Chipangizo cha ma ohm 46 chimakoka ma amp 5. Cha ma ohm 23 chimakoka ma amp 10. Mukatsitsa mpaka ohm imodzi, ma amp afika 230. Ikani timadontho timeneti papepala, mupeza hyperbola, ndipo muona kuti R akamayandikira 0, mzerewo ukuthawira m'mwamba osaima. Aphunzitsi amati pamenepo pali asymptote. Wamagetsi amati pamenepo mawaya awiri osakutidwa akhudzana, waya wafiira, pulasitiki yasungunuka. Inu amene mumakhala kufupi ndi midzi ya zisakasa za malata mwaonapo m'mawa mwake moto wotere ukadutsa, anthu akufukula m'phulusa kufunafuna ziphaso zawo. Amene waimvetsa graph imeneyo salumikiza magetsi mwachisawawa, ndipo salola mnansi wake kutero.

Pojambula musachite ulesi. Onetsani pamene mzere wadula x ndi pamene wadula y, onetsani pokhotera, jambulani asymptote ndi timizere todukizadukiza n'kuilemba dzina. Pensulo ikhale yosongoka, rula ikhale pafupi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano ndifike pa chigawo chimene chili ndi malikisi ochepa kuposa zonse, koma chimene mudzachilemba moyo wanu wonse: zandalama. Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndaona mabanja a kwathu kuno ndi a ku Joni komweko akulira chifukwa cha mafomula anayi amene inu mwapatsidwa ulere papepala.

Kwathu timati katapila, kumeneko mumati mashonisa. Tiyerekeze kuti mayi anu abwereka R1,000, wobwereketsayo n'kunena kuti chiwongoladzanja ndi 30 peresenti pamwezi, ndipo chosabwezedwa chiziberekanso. Pakamwa zimamveka zopepuka: R300 yokha basi. Tsono ikani mu A = P(1 + i)ⁿ. Pakatha miyezi itatu ngongole ija ndi R2,197. Pakatha isanu ndi umodzi ndi R4,827. Chaka chikatha osabweza kanthu, yafika R23,298. Onani bwino, ana anga, kuti n wakhala pamwamba, ndipo nambala ikakhala pamwamba sichita kuyenda, imalumpha. Imeneyo ndiyo graph ya exponential imene mumajambula pa funso lina lija. Ndikudziwa kuti makolo ambiri sapita kwa anthu amenewa mwakufuna; ena banki siwalandira chifukwa cha mapepala, ena matenda kapena maliro awadzidzimutsa. Musawanyoze. Khalani nawo pansi mwaulemu, muwawerengere pepala lili pamaso pawo, kuti ngati n'kubwereka abwereke akudziwa, ndipo abweze msanga. Dziwaninso kuti lamulo la National Credit Act la 2005 sililola wobwereketsa kusunga chiphaso kapena khadi lakubanki la munthu ngati chikole.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukadutsa pasitolo ya mipando n'kuona filiji ya R8,000 italembedwa kuti mungoperekako R800 lero, kenaka R308 pamwezi kwa zaka zitatu, mtima umati zimenezi n'zotheka. Tulutsani pensulo. Yotsala mutapereka R800 ndi R7,200. Miyezi 36 kuchulukitsa ndi R308 ndi R11,088. Ndiye kuti chiwongoladzanja chake ndi 18 peresenti pachaka, chowerengedwa pa R7,200 yonseyo kwa zaka zonse zitatu, ngakhale kuti mwezi uliwonse mukubweza. Filiji ya R8,000 mwaigula R11,888, tisanaikepo inshulansi ndi zolipira zina zimene amaonjezera. Funso la hire purchase limene mumalemba m'kalasi ndi limeneli ndithu, ndipo fomula yake ndi A = P(1 + in).

Mafomula awiri otsalawo, okhala ndi chizindikiro chochotsera, ndi a kutha mtengo kwa katundu. Tsiku lina mudzagula galimoto yonyamulira zida, tinene ya R200,000. Ikamatsika mtengo ndi 15 peresenti ya mtengo wotsala chaka chilichonse, pakatha zaka zisanu idzakhala ya R88,741. Ikamatsika ndi 15 peresenti ya mtengo wogulira, idzakhala ya R50,000. Pamayeso werengani bwino kuti afunsa njira iti, chifukwa mawu awiri okha amasintha yankho lonse. Pantchito, mmisiri amene saika kutha kwa galimoto ndi zida zake pa mtengo umene amauza kasitomala amadya bwino zaka zingapo, kenaka galimoto ikafa amapezeka alibe yogulira ina, n'kubwerera kukagwira ganyu kwa mnzake. Ndawaona otere, amisiri a manja abwino zedi.

Musaiwalenso kusiyana kwa chiwongoladzanja chongotchulidwa ndi chenicheni. Akati 12 peresenti pachaka koma yowerengedwa mwezi ndi mwezi, chenicheni pachaka ndi 12.68 peresenti. Gawani i ndi 12, chulukitsani n ndi 12. Ambiri amachita chimodzi n'kuiwala chinacho. Ndipo fomula yomweyo imene imamiza wobwereka imakweza wosunga: R5,000 yosungidwa pa 8 peresenti pachaka, osaikhudza zaka khumi, imafika R10,795. Inu amene mudzatumiza ndalama kumudzi, kumbukirani kuti mu November 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya simenti, feteleza ndi malata inakwera motsatira. Mwana wodziwa maperesenti amathandiza banja kuganiza ngati ndi bwino kusunga ndalama kapena kuguliratu malatawo.

Calculus ndiyo imene dzina lake lokha limakuthawitsani. Isaac Newton ku England ndi Gottfried Leibniz ku Germany anaitulukira aliyense payekha m'zaka za m'ma 1600, ndipo kalembedwe ka dy/dx kamene mukugwiritsa ntchito ndi ka Leibniz. Funso limene ankafuna kuyankha ndi losavuta kulimva: chinthu chikamasintha, chikusintha mofulumira bwanji pa mphindi ino yeniyeni? Madzi akutsika bwanji m'thanki, galimoto ikuthamanga bwanji pamene singano yaloza, ng'anjo ikutentha mofulumira bwanji. Ndipo pamene kusinthako kwafika pa 0, pamenepo chinthu chafika pachimake kapena pansi penipeni.

Ndikuonetseni ndi lata. Wokhoma zidebe ali ndi chidutswa cha lata cha masentimita 60 mbali zonse zinayi, ndipo akufuna bokosi lopanda chivundikiro. Adula kachidutswa ka mbali zinayi zofanana pangodya iliyonse, n'kupinda mbali zinayizo m'mwamba. Adule kakakulu bwanji kuti bokosi lilowe zambiri? Akadula masentimita 5, bokosi likhala lotakata koma losaya, lolowa malita 12 ndi theka. Akadula 15, likhala lakuya koma lopapatiza, malita 13 ndi theka. Wopanda masamu ayesa, aononga lata, ayesanso, mpaka bwana wake amukalipire. Inu mungolemba kuti V = x(60 − 2x)², muchotse mabulaketi kuti mupeze 4x³ − 240x² + 3600x, mutenge derivative imene ndi 12x² − 480x + 3600, muiike kuti ikhale 0. Mukagawa zonse ndi 12 mutsala ndi x² − 40x + 300 = 0, ndipo x ndi 10 kapena 30. Apa mpamene nzeru za mmisiri zimalowa: mukadula 30 mbali zonse, lata latha, palibe bokosi. Yankho ndi 10, ndipo bokosilo lilowa malita 16. Lata lomwelo, lumo lomwelo, koma malita aonjezekera chifukwa cha mizere isanu ya pensulo. Mwaonanso kuti theka la ntchitoyi linali algebra ija ndinakuuzani kuti musaipeputse.

Integration ndi ulendo wobwerera, kuchoka pa derivative kupita kumene inachokera, ndipo imakupatsani kukula kwa malo amene ali pansi pa mzere wokhota, kumene rula ndi tepi sizingathe kuyeza. Musaiwale + C pamene malire sanaperekedwe. Kubwerera ku derivative, pa funso la first principles lembani lim pa mzere uliwonse mpaka pamene mwaika h kukhala 0, chifukwa kalembedwe kolakwika kamadyetsa malikisi ngakhale yankho lili lolondola.

Nanga muphunzire bwanji? Masamu sawerengedwa chogona ngati nyuzipepala. Kuonera wina akuwachita pafoni kumakupatsani mtima woti mwamva, koma dzanja silinaphunzire kanthu. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha: ola limodzi tsiku lililonse, pensulo m'manja, foni ili m'chipinda china, liposa usiku wonse wa dzulo la mayeso. Mapepala a mayeso a zaka zapitazi, kuyambira 2018, pamodzi ndi mayankho ake, a Department of Basic Education amawaika pa intaneti ulere. Lembani pepala lonse mutatchera wotchi, mudzichonge nokha mosadzikondera, kenaka mubwerere pa funso lililonse limene mwaphonya mpaka mudziwe chimene chinakupunthwitsani. Mafunso amabwera m'Chingerezi kapena m'Chiafrikaans, choncho funso likati “hence”, dziwani kuti akufuna mugwiritse ntchito yankho limene mwangopeza kumene, musayambenso njira ina.

Mutu umodzi susenza denga. Pezani anzanu awiri kapena atatu, kaya ndi Azulu, Asotho, a ku Zimbabwe kapena a kwathu, bola akhale ofuna sukulu. Amene wamva afotokozere mnzake, poti pofotokoza mpamene umazindikira ngati unamvadi. Aphunzitsi anu muwapatse ulemu umene munaphunzira kunyumba, ndipo musaope kukweza dzanja. Wina akabwera n'kukunong'onezani kuti ali ndi pepala la mayeso lotuluka kale, muthaweni. Ogwidwa amalandidwa zotsatira ndipo amatha kuletsedwa kulembanso kwa zaka, pamene makolo anu anavutika kukufikitsani apa ndi ndalama za m'makhitchini, m'minda ya maluwa ndi m'malo omanga nyumba za eni.

Kwa inu atsikana ndili ndi mawu apadera. Mudzamva kuti magetsi, kuwotcherera ndi makina ndi za amuna. Waya sadziwa kuti wamugwira ndani, ndipo derivative siisintha chifukwa waipeza ndi mtsikana. Inunso makolo amene mukuwerenga nawo, chaka chino mwana wamkazi achepetseredwe mbale ndi kulera ang'ono ake madzulo, apeze ola lake la masamu monga mlongo wake.

Tsiku la mayeso likafika, mphindi ndi 180 ndipo malikisi ndi 150, choncho funso la malikisi asanu lisakudyereni mphindi khumi ndi zisanu. Likakukanikani, lisiyireni malo, pitirirani, mudzalibwerera. Pa zandalama musafupikitse manambala pakati pa njira. Fupikitsani pa yankho lomaliza. Calculator ikhale imene mwaizolowera, batire lake latsopano, osati yobwereka m'mawa womwewo. Yankho likatuluka, lifunseni ngati lili lanzeru: kutalika kwa khoma sikungakhale nambala yochepera 0, ndipo galimoto yakale singapose mtengo umene inagulidwa pa funso la kutha mtengo.

Zengerezu analinda kwawukwawu, adzukulu anga, ndipo mayeso sali kutali. Usiku uno mukatha kudya, pukutani patebulo, tulutsani pepala loyamba la chaka chatha, muyambe ndi funso loyamba. Likakuvutani, mawa m'mawa mukhale oyamba kufika pakhomo la aphunzitsi anu, kope lili m'manja.